Ulendo wa ku Salima: kodi ndisambire kapena ndisunge tsitsi?

Mayi wina wa ku Area 25 mu Lilongwe watilembera motere: "Ife a gulu la banki m'khonde tagwirizana kuti pa tchuthi cha Tsiku la Anakubala tipite ku Senga Bay, tikagone masiku atatu pa loji ina yomwe ili ndi dziwe losambiramo. Tsitsi langa ndi lowotcha ndi relaxer. Ndimaganiza zokawotchanso Lachinayi, Lachisanu ndimangitse mesh yaitali, Loweruka tinyamuke. Koma ulendo wapitawu nditapita ku Mangochi ndinabwerako m'mutu mukununkha komanso mukuyabwa, ndipo pomasula tsitsi la m'mbali linathothoka lambiri. Mwana wanga wamkazi wa zaka 7 nayenso akupita nawo. Kodi ndingokhala pamtunda n'kumaonerera anzanga?"

Amayi, musakhale pamtunda. Ndalama munasonkha, galimoto mwalipira, ndipo mu Okutobala ku Salima kumatentha kupitirira madigiri 30, moti kukhala pampando n'kumasunga matumba a anzanu kungakhale kudzilanga popanda mlandu. Zimene zinakuchitikirani ku Mangochi ndimaziona chaka ndi chaka mu saluni mwanga ikangotha Pasaka, Khirisimasi ndi tchuthi cha pa 15 Okutobala, ndipo nthawi zambiri mlandu suli ndi madzi ayi. Vuto limakhala tsitsi lomangidwa mothina, lomwe lanyowa, silinatsukuluzidwe, kenako mwini wake n'kugona nalo lisanaume pansi. Zimenezi n'zotheka kuzipewa.

Choyamba ndikukanizeni pulogalamu ya Lachinayi ndi Lachisanu ija. Relaxer ndi mankhwala amphamvu kwambiri. Ena amapangidwa ndi sodium hydroxide, ena ndi calcium hydroxide yosakaniza ndi guanidine carbonate, ndipo onsewo amawongola tsitsi pothyola timfundo ta m'kati mwake timene timalipatsa mphamvu. Tsitsi likangochoka kumene m'mankhwalawa limakhala lofooka, ndipo khungu la m'mutu limakhala lanthete, mwina ndi timabala tosaoneka ndi maso. Ndiye m'mawa mwake mulikoke ndi mesh, mkucha mulimize mu klorini, pamwamba pake dzuwa la kunyanja. Zinthu zinayi zimenezi pa masiku atatu, tsitsi silingapirire. Ngati mukufunadi kuwotcha, chitani kudakali milungu iwiri ulendo usanafike, ndipo pakhale patadutsa milungu yosachepera 8 chiwotchereni komaliza. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, choncho mukafulumira, mankhwala amagwera pa tsitsi lowotchedwa kale n'kulitentha kawiri. Ngati masiku atha kale, musawotche n'komwe. Tsitsi latsopano lomwe lamera pansilo ndi lolimba, limagwira bwino maluko kuposa lowongoka kumene.

Tsopano za kamangidwe. Mesh yaitali yofika m'chiuno imakongola pa chithunzi, sinditsutsa, koma ikanyowa imalemera kwambiri, ndipo kulemera konseko kumapachikika pa titsitsi tochepa ta pachipumi ndi pafupi ndi makutu, tomwe ndi tating'ono kuposa tsitsi lina lonse m'mutu. Mukamatuluka m'dziwe zingwe zili lendelende, madzi akuchucha, pamene pakukokedwa ndi pamenepo. Madokotala a khungu amalitchula vutoli kuti traction alopecia, ndiko kuthothoka kwa tsitsi chifukwa chokokedwa. Likagwidwa msanga tsitsi limameranso, koma mukapitiriza kwa zaka, mizu imafa ndipo palibe mafuta amene angaidzutse.

Pa ulendo wa m'madzi ine ndimakonda mizere yogona pamutu, yolukidwa ndi tsitsi lanu lokha kapena ndi mesh yochepa chabe, yosapitirira m'mapewa. Imatsukika mosavuta, mphepo imafika pakhungu, ndipo pakangotha maola ochepa yauma. Madzulo popita kukadya kapena kukavina mutha kuvala wigi pamwamba, yongovala ndi kuvula, osati yomata ndi guluu. Guluu ndi madzi sizigwirizana, ndipo klorini ikalowa pansi pa wigi yomata imakhala pomwepo pakhungu tsiku lonse. Mesh yosokerera pa mizere ndiyo ndimaikana kwambiri pa ulendo ngati uwu, chifukwa pamwamba imaoneka youma pamene mizere ya pansi idakali chinyowere. Ngati mtima wanu uli pa zingwe basi, zikhale zonenepa pang'ono, zazifupi, ndipo mumangitse kudakali masiku anayi kapena asanu kuti mutu uyambe wamasuka. Womanga akamakoka mpaka nsidze kukwera, mpaka mukufuna Panado kuti mugone, muuzeni amasule pomwepo. Ena amati kuthina ndiye kukhalitsa, koma tiziphuphu toyera tomwe timatuluka m'mphepete mwa maluko ndi chizindikiro choti mizu ikuvulala.

Palinso kuyabwa kochokera ku mesh yeniyeniyo. Yambiri imabwera kuchokera ku fakitale itapakidwa mankhwala amene khungu la anthu ena siligwirizana nawo, ndipo thukuta likasakanikirana nawo kuyabwa kumakula. Musanapite nayo kwa womanga, iviikeni kwa mphindi 20 m'beseni la madzi ofunda momwe mwathiramo viniga pang'ono, muitsukuluze ndi madzi oyera, muiyanike iume. Makasitomala anga ambiri amene ankadandaula kuyabwa tsiku loyamba lomwe anasiya kudandaula titayamba kuchita zimenezi.

Za pamsewu sindichulutsa. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Salima pa msewu wa M14 ndi makilomita pafupifupi 100, kenako ena pafupifupi 20 kukafika ku Senga Bay, ndipo mu Okutobala fumbi limakhala paliponse. Mukadzola Vaseline kapena mafuta olemera m'mutu m'mawa wonyamuka, fumbi lonse lolowa pawindo limamatirira pamenepo, ndipo mumafika tsitsi litada kale. Nyamukani m'mutu muli moyera, mutamanga duku yoterera ya satini mkati, chitenje kapena chipewa pamwamba ngati mukufuna. Mukakwera kabaza wa njinga yamoto, duku ikhale pansi pa chisoti, popeza chisoticho chavalidwa ndi mitu yambiri tsiku limenelo.

Mukafika, liyang'aneni dziwe musanalowemo. Madzi abwino mumaona pansi pake bwinobwino ngakhale kumbali yakuya, makoma ake saterera mukawakhudza, ndipo mumamva pampu ikulira. Dziwe losamalidwa bwino limakhala ndi klorini wa pakati pa 1 ndi 3 ppm (muyeso wa kuchuluka kwa klorini m'madzi) ndi pH (muyeso wa asidi wa m'madzi) ya pakati pa 7.2 ndi 7.8, ndipo si mwano kufunsa wosamalira dziwe ngati wayeza madzi tsiku limenelo. Anthu ambiri akamva fungo lamphamvu loboola mphuno amati ndiye kuti madzi ndi oyera. Fungo limenelo limabwera klorini akasakanikirana ndi thukuta, mafuta odzola ndi mkodzo, ndipo zotulukapo zake ndi zomwe zimafiiritsa maso ndi kuumitsa khungu. Pa tchuthi, dziwe laling'ono likadzaza anthu kuyambira m'mawa, pofika 3 koloko masana madzi amakhala atatopa. Sambirani m'mawa. Madzi amakhala abwino, dzuwa silinakwiye, ndipo chachikulu kwa ife, tsitsi limapeza tsiku lonse loti liume.

Chimene klorini amachita ndi kuchotsa mafuta achilengedwe amene amakuta tsitsi, n'kusiya khungu lake lakunja litakakala. Tsitsi lathu ndi louma kale mwachibadwa, chifukwa mafuta a pakhungu amavutika kutsetsereka m'tsitsi lopotana, ndipo lowotcha limamwa madzi msanga kuposa lachilengedwe. Choncho musanalowe m'dziwe, imani pa shawa munyowetse mutu wonse ndi madzi a pampopi mpaka ukhute. Tsitsi lokhuta madzi oyera limamwa madzi ochepa a m'dziwe. Kenako pakani conditioner pang'ono, kapena madontho ochepa a mafuta a kokonati, amene amalowa m'kati mwa tsitsi n'kuliteteza. Ndati pang'ono, chifukwa mafuta ochuluka amangoyandama m'dziwe n'kuipitsira anzanu madzi. Zingwe zisonkhanitseni pamwamba pamutu, muzimange momasuka.

Chipewa chosambirira chimathandiza ngakhale sichitsekereza madzi onse. Vuto n'lakuti zambiri za m'masitolo zinapangidwira tsitsi lochepa, ndipo kukakamiza chaching'ono pa zingwe kumakokanso pachipumi pomwe tikutetezapo. Zilipo zazikulu za silicone zopangidwira tsitsi ngati lathu. Za kampani ya Soul Cap ya ku Britain zinakanidwa pa mpikisano wa Olympics wa ku Tokyo mu 2021, anthu anadandaula kwambiri, ndipo bungwe loyendetsa masewera osambira padziko lonse linadzaziloleza mu 2022. Mukapeza chamtundu umenewo gulani, chimakhalitsa. Mukapanda kupeza, musavale jumbo kapena kachipewa kosambira nako ku bafa, zimangodzaza madzi n'kuwasunga pamutu.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi potuluka. Munthu amatuluka m'madzi, n'kudzikulunga thaulo kumutu, n'kukhala pa nsomba ya chambo ndi zakumwa mpaka dzuwa kulowa, klorini akuumira m'tsitsi. Mukangotuluka komaliza, pitani pa shawa nthawi yomweyo. Tsukuluzani kwa mphindi zingapo, madzi azidutsa pakati pa mizere, zala zikusisita khungu mofatsa, osakanda ndi zikhadabo. Simukuyenera kuthira shampu nthawi iliyonse imene mwanyowa, popeza nayonso imaumitsa. Pa masiku atatu, tsiku loyamba madzi okha ndi conditioner akwana, ndipo shampu mugwiritse ntchito tsiku lachiwiri kapena lomaliza. Njira yabwino kwa womanga zingwe ndi kuthira shampu pang'ono m'botolo la madzi, kukhutchumula, n'kumathira thovulo m'mizere mwenimweni. Sopo wochapira zovala asayandikire mutu wanu, ngakhale mutaiwala shampu kunyumba. Ndi wamphamvu kwambiri ndipo amasiya tsitsi louma gwa.

Fungo limene munabwera nalo ku Mangochi, amayi, ndi lomwe limatuluka mu zovala zochapa zikagona m'beseni osayanikidwa. Pansi pa maluko onyowa pamakhala pofunda ndi pachinyezi, ndipo tizilombo ndi nkhungu zimene zimakhala pakhungu la munthu aliyense zimachulukana mofulumira. Kuthira perefyumu kapena mafuta onunkhira pamenepo kumangowonjezera vuto. Mankhwala ake ndi kuumitsa. Finyani zingwe kuchokera pamwamba kutsika pansi, osapotokola, kenako kulungani ndi sikipa yakale ya thonje kwa mphindi 15, imamwa madzi bwino ndipo siyikhula tsitsi ngati thaulo. Mukachotsa, masulani zingwe zilendewere pamsana kapena muzitsamiritse pa mpando, mukhale pamthunzi pomwe pakupita mphepo. Musadalire dryer yokha, magetsi atha kuzima nthawi imene mukuifuna. Muyeso wake ndi chala: chilowetseni pansi pa luko la pankhongo, pomwe pamachedwa kuuma. Pakazizira, simunaume, ndipo duku isamangidwe. N'chifukwa chake ndimati womanga zingwe atuluke m'madzi pofika 2 kapena 3 koloko. Kusambira kwa usiku n'kokoma, koma mukafuna kutero, mutu usalowe m'madzi.

Mukauma, pakani pang'ono chofewetsa tsitsi chosatsukuluza, kenako timadontho ta mafuta opepuka monga a malambe. Mafuta a nsatsi ndi olemera, asungireni m'mbali mokha ndipo pang'ono. Gel wogonetsa tsitsi la pachipumi musamuunjike tsiku ndi tsiku pamwamba pa wadzulo. Ndipo musaiwale kuti mipata ya pakati pa mizere ndi khungu lomwe silinazolowere dzuwa. Limapsa, kenako limasupuka, munthu n'kumaganiza kuti ndi mfundu. Chipewa chachikulu cha mlaza, chomwe amagulitsa m'mbali mwa msewu kunyanja komweko, chimathetsa nkhani imeneyi.

Ngati tsitsi lanu kapena mesh ili ndi mtundu wowala, wagolide kapena wotuwa, dziwani kuti madzi a m'dziwe atha kulisiya lobiriwira pang'ono. Chimachititsa ndi kopa wopezeka m'mankhwala ena ophera ndere ndi m'mapaipi, ndipo kutsukuluza msanga kumachepetsa zimenezi. Pa tsitsi lakuda sizioneka.

Ndikudziwa kuti simungafike ku Senga Bay osaponda m'nyanja. Kwa tsitsi, madzi a Nyanja ya Malawi ndi ofatsa kuposa a m'dziwe, alibe mchere, alibe klorini. Chovuta chake ndi mchenga, umene ukalowa m'maluko umakhula tsitsi ndipo umatuluka movutikira, choncho musagone chagada pomwe mafunde akuswekera. Koma nkhawa yanga yaikulu kunyanja ndi likodzo. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi, makamaka m'malo osaya, odekha, a bango ndi udzu, ndipo timaboola khungu munthu osamva kanthu. Matendawa alipo m'maboma a m'mphepete mwa nyanja, Salima ndi Mangochi omwe. M'dziwe losamalidwa bwino ndi klorini mulibe likodzo. Mukasambira m'nyanja, pitani kuchipatala pakadutsa milungu 6 mpaka 8 mukafotokoze. Mankhwala ake ndi praziquantel, amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa thupi, ndipo kumwa tsiku lobwerera kunyumba sikuthandiza chifukwa sapha tizilombo tikadali tating'ono. Mukaona magazi mu mkodzo, kapena mwana akudandaula kupweteka pokodza, musadikire milunguyo. Funsaninso eni malo kumene kuli kotetezeka ku ng'ona ndi mvuu, ndipo m'nyanja musalowe kukada.

Za mtsikana wanu. Pa zaka 7 asawotchedwe tsitsi ndipo asamangidwe mesh yolemera. Mizere isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu ya tsitsi lake lomwe, kapena kumanga ndi ulusi momasuka, n'zokwanira, ndipo mikanda yambiri kumapeto muisiye, imakoka akamadumpha m'madzi. Iye adzalowa ndi kutuluka kosawerengeka, simungamuletse, choncho mumutsukuluze masana ndi madzulo, mumuumitse asanagone, mupukutenso m'makutu kunja kwake chifukwa madzi otsalira amayambitsa kupweteka kwa khutu. Chipeso, thaulo ndi chipewa akhale ndi zake. Ana akasonkhana pa ulendo amabwerekana zinthu, ndipo zipere ndi nsabwe zimayenda njira imeneyo. Koposa tsitsi, mwana wa msinkhu uwu akakhala m'madzi munthu wamkulu akhale pafupi moti atha kumugwira ndi dzanja, maso ali pa iye, foni ili m'thumba. Mwana akamamira nthawi zambiri sakuwa, ndipo gulu likakhala lalikulu aliyense amaganiza kuti mnzake ndiye akuyang'ana. Gwirizanani mosinthana, mutchulane maina. Amene watsegula m'mimba, mwana kapena wamkulu, asalowe m'dziwe, popeza tizilombo tina timapirira klorini kwa masiku angapo.

Mukabwerera ku Lilongwe, tsukani mutu bwinobwino ndi shampu tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Maluko amene asambira kwambiri musawasunge nthawi yaitali. Mizere ichoke pakatha milungu iwiri kapena itatu, zingwe zisapitirire milungu 6. Pomasula pamafunika kuleza mtima, ndipo ndikuganiza kuti mbali ina ya tsitsi lomwe munataya ulendo uja inapita pamenepa. Pansi pa luko lililonse pamakhala kamfundo ka litsiro, mafuta ndi tsitsi lomwe linathothoka kale. Mukathira madzi musanakamasule, kamalimba n'kusanduka mfundo yofuna lumo. Yambani mwakafewetsa ndi mafuta kapena conditioner, mukamasule ndi zala, mupese ndi chipeso cha mano otalikirana kuyambira kunsonga kukwera kumizu, kenako ndiye mutsuke. Musachite mantha ndi mulu wa tsitsi wotsala m'manja. Munthu aliyense amataya tsitsi 50 mpaka 100 patsiku, ndipo likakhala lomangidwa silimagwa, limadikira tsiku lomasula. Pa milungu 6 limeneli ndi tsitsi loposa 2,000. Loyenera kukudetsani nkhawa ndi tizidutswa tatifupi toduka pakati, ndi malo amene khungu layamba kuonekera. Mukatero lipumitseni tsitsi milungu iwiri musanamangenso kapena kuwotcha.

Pali zina zomwe ife a saluni sitingathe, ndipo wokonza tsitsi woona mtima amakuuzani. Kuyabwa ndi mfundu zikapitirira milungu iwiri mutamasula ndi kutsuka, yesani shampu ya ketoconazole ya ku famase kawiri pa mlungu, muziisiya pamutu mphindi zisanu musanatsukuluze. Zikapanda kusintha pakatha mwezi, pitani kuchipatala. Musadikire n'komwe mukaona zilonda, mafinya, kutupa kopweteka, kapena zotupa za m'khosi ndi kuseri kwa makutu. Mwana akatuluka kabwalo kozungulira kothothoka tsitsi ndi kotuwa, zimenezo zitha kukhala zipere za m'mutu, ndipo zodzola zokha sizichiza, pamafunika mankhwala akumwa kwa milungu ingapo olembedwa ndi dokotala. Za m'mbali mwanumo, ngati papita miyezi itatu kapena inayi musakukoka koma simukumera kanthu, kapena khungu lake lasalala n'kumanyezimira, kaonaneni ndi a zakhungu ku Kamuzu Central Hospital, poti muli ku Lilongwe komweko. Mukapite musanayambe kugula mafuta omeretsa tsitsi a pa WhatsApp, ndipo mukawauze madokotala zonse zimene mwakhala mukupaka, relaxer yemwe, ndi utali wa nthawi imene mwakhala mukumanga mesh.